Kachisi Wopanda Mwini ku Ejipito

Sendezani malichero kuno kumthunzi, ana inu, mbatatesi sizikonda dzuwa. Zazikulu muziika m'dengu la kumsika, zazing'ono ndi zambewu, zotemedwa ndi khasu tidya tokha. Iwe Filipo, manja agwire ntchito, ine undibwereke makutu okha. Dzulo unabwera kuchokera kusukulu ndi buku lija la zithunzi, n'kundionetsa nyumba yamiyala ya ku Ejipito ngati ukuonetsa munthu wosadziwa kanthu. Ndinangoti "eya, n'zokongola," chifukwa panali alendo. Lero tili tokha, ndiye ndikuuzeni: mapazi ong'alukawa anapondamo m'nyumba yotero. Usaseke, Agnesi. Agogo anu aakazi akanakhala moyo akanandichitira umboni, ngakhale iwowo nkhaniyi ankaikamba mondiseka.

Mundikhululukire ngati ndiyambira kutali. Nkhalamba ili ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe, sifika kudambo isanabudule apa ndi apo.

Ndinabadwira kuseri kwa phiri lomweli, mapaini mukuwaonawa asanabzalidwe. Phiri linali la misuku yokhayokha, ndipo m'miyezi yachisanu nkhungu inkatsika mpaka pakhomo, munthu osaona nkhokwe yake yomwe. Inu mumalira bulangete likachepa. Ife tinkafunda nyanda, khungwa la mtengo losulidwa ndi chibonga mpaka kufewa. Machesi kunalibe. Moto ukazima, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala kwa anansi. Ntchito imeneyi ndinkaiopa koposa zonse, chifukwa inkafuna kuti ndiyankhule ndi anthu. Ndinali wamanyazi kwambiri. Mlendo akafika ndinkathawira kuseri kwa khola, mpaka dzina loti Kalikokha linandikakamira.

Amalume anga anali akuluakulu a gule. Ine kudambwe sindinapiteko, ndiye musandifunse za kumeneko, sindizidziwa. Mayi ananditumiza kusukulu ya kumishoni ndisanafike msinkhu. Zimene ndinkadziwa ndi zimene mwana aliyense ndi mayi aliyense ankadziwa. Ukakumana ndi chilombo panjira, patuka, gwada, maso pansi, uike kanthu kalikonse kamene uli nako. Ndipo malo a eni, kaya ndi dambwe kaya ndi manda, munthu salowa asanaloledwe. Poweta mbuzi cha ku Chongoni tinkabisala mvula m'mapanga muja muli zithunzi zoyera pathanthwe, koma palibe mwana ankaziloza ndi chala. Palibe anatiphunzitsa pokhala pansi. Zinangolowa m'thupi ngati mmene umalowera utsi m'denga.

Sukulu yathu inali pansi pa mkuyu. Tinkalemba ndi chala padothi, masileti anabwera pambuyo. Wansembe wathu anali mzungu wamtali, woonda, ndipo anthu anamutcha Bambo Chipewa chifukwa cha chipewa chake chachikulu chimene sankavula kwina kulikonse koma m'tchalitchi. Masiku amenewo ubatizo sunali wothamangira. Munthu ankaphunzira zaka ndithu, n'kudzafunsidwa mafunso pamaso pa mpingo wonse. Katekisimu ndinkamudziwa kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Koma tsiku la mafunso likafika, ndikaona maso a anthu onse aja, m'kamwa munkangouma gwa! Anzanga anabatizidwa pa Pasaka, ine ndinatsala. Pasaka winanso, chimodzimodzi.

Mwina ndikanangodikira osadandaula pakanapanda aMarita, agogo anu aakaziwo. Iwo anali atabatizidwa kale, ndipo ankaimba patsogolo penipeni. Mmene ndinawafunsira musandifunse, chifukwa kunena zoona anadzifunsira okha, ine ndinangogwedeza mutu. Koma amalume awo, aGabiriyele, anali munthu wa mawu amodzi. Anandiitana nati, "Iwe Kalikokha, khasu umalitha, mowa sumwa, palibe chimene ndikudana nawe. Koma pamudzi pano sipalowa mkamwini wosabatizidwa. Tikudikira kufikira tikolole. Kupitirira apo, alipo ena akuzungulirazungulira."

Mwamva, Teleza? Pamenepo panali pokhotera. Ndikanalephera, bwenzi inu nonse muli zidzukulu za munthu wina, mwinanso wokongola kuposa ine.

Mvula itangoyamba chaka chimenecho, nkhondo ya Jeremani isanabwere, Bambo Chipewa anadwala malungo oopsa aja a mkodzo wakuda. Anapulumuka, koma anatsala mafupa okha. Akuluakulu awo anati abwerere kwawo ku Ulaya, ndipo pafunika munthu wowasamala m'njira. Anasankha ine, kapena chifukwa sindinkasokosa. Anandiitana ali chigonere nati, "Undiperekeze mpaka ku Ejipito. Kumeneko ukakumana ndi ansembe ena obwera kuno, ubwerera nawo. M'njiramo ndizikufunsa katekisimu tili awiri, popanda maso a anthu. Tisanasiyane ndikubatiza."

Ndinavomera ndisanadziwe kuti Ejipito ali kuti. Ndinkayesa ndi dziko la m'Baibulo mokha, lokhala pafupi ndi kumwamba.

Lero mumakwera basi pa Chimbiya, n'kumadandaula kuti yachedwa. Ife tinatsika mapiri awa wapansi, Bambo ali m'machila, amuna akusinthana mapewa uku akuimba. Kamba wanga anali chimanga chokazinga ndi zigumu zimene aMarita anakulunga m'masamba a nthochi. Ndinkadya pang'onopang'ono kuti zisathe, mpaka zotsiriza zinachita nkhungu. Kenaka sitima ya pamtunda, kenaka ya mumtsinje, mvuu zikutiyang'ana, kenaka nyanja yamchere, madzi opanda tsidya. Za panyanja ndimazikumbukira ngati maloto a munthu wodwala. Thambo ndi madzi zinali chinthu chimodzi. Masiku sankasiyana. M'mawa ndinkawapukuta Bambo ndi nsalu yonyowa, kuwamwetsa msuzi, iwo n'kumandifunsa ndi mawu otsika, "Anakulenga ndani?" Ndinkayankha bwinobwino, osaphonya. Pamenepo panalibe wondiyang'ana koma mbalame zoyera zotsata sitima.

Titafika ku Ejipito tinapeza kuti ansembe aja sanafike. Dokotala wa padoko anawauza Bambo kuti podikira akwere kumtunda kwa mtsinje wa Nailo, kumene mpweya wake ndi wouma, chifuwa chikapepuke. Tinakweranso sitima ya pamtunda.

Ana inu, dziko limenelo ndi lodabwitsa. Mvula sigwa. Nyumba zake n'zadothi, zopanda denga losongoka, pamwamba pake pali see ngati bwalo, chifukwa palibe madzi oti atsetsereke. Dziko lonse ndi dimba limodzi lalitali lotsata mtsinje. Apa pali pobiriwira, ukaponda phazi lina uli pamchenga, ndipo mchengawo sulekeza. Ndinaona amuna akuthirira ndi mtengo wautali wopachikidwa pamphanda, mbali ina chibuma cholemera, mbali ina chotungira chachikopa. Amangoweramitsa, chibuma chija n'kukweza madzi chokha. Ndinaganiza za mayi anga akusenza mtsuko kudimba. Nditabwerera ndinayesa kupanga changa kudambo kuja, anthu anaseka mwezi wathunthu. Ndinaona ngamila, nyama yoyenda ngati ikuganiza zina. Ndinadya zipatso za kanjedza wakumeneko, zazikulu ngati chala chachikulu, zotsekemera ngati uchi, osati tathu towuma tija. Ndinkasunga zingapo m'thumba nthawi zonse.

M'tauni ina ya m'mbali mwa mtsinje Bambo anayamba kupeza mphamvu. Tsiku lina m'mawa anati, "Lero tikaone kachisi wa mafumu akale, a nthawi ya Farao." Anabwereka abulu ndi munthu wotitsogolera, dzina lake Girigisi, wovala mkanjo wofika kumapazi. Bambo ankadziwa chiyankhulo chakumeneko, ndiye ankacheza naye. Ine ndinanyamula ambulera ndi botolo la madzi.

Mawu oti kachisi anandinyenga. Kachisi amene ndinkamudziwa ndi kanyumba kaudzu kofika m'chiuno, kothirirapo nsembe pansi pa mtengo. Ndiye sindinayembekeze kanthu. Titatsika pa abulu ndinkangoyenda pambuyo pa Bambo, maso pa zidendene zawo, monga mwa chizolowezi changa, ndikusamala kuti mthunzi wa ambulera usawachoke. Tinadutsa pakati pa nkhosa zamwala zogona mizere iwiri, ndinangoziona ndi m'mbali mwa diso. Kenaka kunazizira mwadzidzidzi, phokoso la abulu linatha, ndipo ndinadzutsa mutu.

Tinali m'nkhalango yamiyala. Nsanamira zake zinali zonenepa kuposa milambe imene ndinaiona kuchigwa, zoimirira mothithikana, mitu yake yotambasuka ngati maluwa. Denga linagwa kalekale, ndiye kuwala kunkatsika m'mipata ngati ufa wosefedwa, fumbi likuyandama m'menemo osafulumira. Pamwamba penipeni panali patatsala utoto wobiriwira ndi wofiira, ngati wopakayo wangopita kukamwa madzi. Timba ankalowa ndi kutuluka. Ndinamva ngati ndamira pansi pa dziwe lalikulu, koma ndikupuma. Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji.

Kenaka maso anga anazolowera, ndipo ndinaona za pakhoma.

Anali anthu osemedwa pamwala, aatali kuposa nyumba, oyenda chammbali. Matupi a anthu, miyendo ya anthu, manja a anthu. Koma uyu mutu wa nkhandwe. Uyo mutu wa kabawi. Winayo mutu wa ng'ona, wina nyanga za ng'ombe zitanyamula mwezi. Ena atagwira ndodo, ena akulandira mbale za zakudya kwa anthu ogwada. Khoma lililonse, nsanamira iliyonse, kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Mwana wa ku Dedza akaona thupi la munthu ndi mutu wa nyama, saganiza kawiri. Mumtima ndinati, mayo ine, ndalowa padambwe la eni! Ndalowa mpaka pakati, wosameta, wosaitanidwa, nditatsegula ambulera. Mawondo anapinda okha. Ndinapatukira m'mbali mwa njira, ndinagwada, maso pansi. Ndinaomba m'manja mofatsa n'kunena kuti, "Odi, odi eni malo. Ndine mlendo, sindinadziwe." Ndinadikira. Munali zii. Mawu anga okha anazungulira nsanamira n'kubwerera kwa ine. Ndinatulutsa zipatso za kanjedza zija n'kuziika patsinde pa khoma, ndipo ndinayamba kubwerera chambuyo ndi mawondo.

Tsoka lake sitinali tokha. Munali azungu ena odzaona malo, amayi ovala zipewa zamaluwa. Anayamba kuseka ndi kuitanizana. Mwamuna wina anandilozetsa kabokosi kojambulira. Bambo anatembenuka, ndipo nkhope yawo, imene inali yoyera ndi matenda, inafiira mpaka m'makutu.

"Kalikokha! Dzuka!"

Ndinadzuka, koma maso sanachoke pansi.

"Ukuchita chiyani? Zaka zonsezi ndakuphunzitsa, lero ukugwadira miyala? Ukuipatsa chakudya?"

Yankho ndinali nalo, ana inu, linali pakhosi pomwepa. Koma maso a anthu aja anali pa ine, ndipo m'kamwa munauma monga kale.

"Tola zipatsozo, unditsate. Tikaone mkati."

Ndinali ndisanawakanirepo Bambo chinthu chilichonse. Akanati ndimwe nyanja ndikanayamba. Koma tsiku limenelo ndinapukusa mutu. Ndinawapatsa Girigisi ambulera, n'kutuluka kukakhala ndi abulu.

Pobwerera sanandiyankhule. Titafika kunyumba kumene tinkagona anavula nsapato okha, osalola kuti ndiwathandize, ndipo anati, "Pakamwa pako pamadziwa katekisimu, koma mawondo ako ndi achikunja. Za ubatizo tiyeni tiziike pambali. Ukayambirenso kwanu ndi ansembe atsopano."

Kukayambiranso! Nthawi imeneyo kwathu chimanga chinali chitamasula. Ndinkachiona m'maganizo chikukhwima, ngaiyaye zikuuma, aGabiriyele akukonza nkhokwe, ndi mnyamata wina wa ku Mayani, amene ndinkamudziwa bwino, akudutsadutsa pakhomo pawo ndi malaya atsopano. Ndinkawaphikirabe Bambo tiyi, kuwachapira, kuwapatsa mankhwala. Mafunso a m'mawa aja anatha.

Mthenga unafika woti ansembe aja ali pafupi, tibwerere kudoko. Bambo anafuna kuyamba ulendowo pa ngalawa ya thanga, kuti apatukire malo ena amene ankawalakalaka kuyambira ali mnyamata. Anati m'mphepete mwa chipululu muli mudzi wa anthu odzipatula, amonke a mpingo wakale wa dzikolo, wa Akoputi. Sanali a mpingo wathu, koma anali Akhristu kuyambira makolo a azungu asanamve n'komwe za Yesu. Izi anauza Girigisi, amene anatiperekezanso pa ulendowu, ine ndinangomvera m'mbali pamene anazibwereza m'Chichewa, ngati akuyankhula ndi mtsinje.

Ngalawa inkayenda mopanda phokoso. Thanga loyera, madzi ofiirira, akazi ovala zakuda akutsuka miphika, njati zoweta zitamira mpaka mphuno. Zonse zinkadutsa ngati si ife tikuyenda koma dziko. Ine ndinkangoona nkhope ya aMarita pamadzipo.

Tinatsika pagombe lina n'kukweranso abulu. Minda inatha, tinalowa mumchenga. Dzuwa lili pamutu tinaona linga lalitali, loyererako, lopanda zenera, litaima lokha pansi pa phiri louma. Khomo lake linali laling'ono, lachitsulo, loti munthu alowe chowerama. Girigisi anakoka chingwe, belu linalira mkati. Patapita nthawi, pakabowo ka pamwamba panaoneka ndevu. Anayankhulana. Girigisi anabwera akukanda m'mutu. Anati mkulu wa amonke ali m'mapemphero, ndipo khomo silitsegulidwa kwa mlendo iye asananene. Anatitsitsira dengu pachingwe, muli timikate tolimba ndi kamtsuko ka madzi.

Tinadikira. Mthunzi kunalibe, khoma linkatentha ngati chiwaya. Bambo anayamba kutsokomola, milomo yawo inachita kuyera. Girigisi anapita kuseri, nabwera akumwetulira. Ankaloza ndi dzanja, ndipo ndinamva tanthauzo lake ngakhale chiyankhulo sindinkachidziwa: kumbuyo kuli pogumuka polowera mbuzi, mkati muli mitengo ndi chitsime, tiyeni tikadikire mumthunzi. Bambo anakana. Girigisi anaumirira. Bambo anakweza mawu, ndipo mwina chifukwa cha kutopa anayankha m'Chichewa: "Iyayi! Nyumba ya eni sitilowera kuseri. Tidikira."

Ndipo anavula chipewa. Munthu amene sankavula chipewa ngakhale pamaso pa bwana wa kuboma anaima padzuwa limenelo mutu uli pamtunda, patsogolo pa khomo lotseka. Ndinatambasula ambulera n'kuima pambuyo pawo. Mumtima mwanga munayamba kuyenda kanthu.

Dzuwa litapendeka, zitsulo zinalira, khomo linatseguka. Mkulu wa amonke anatuluka yekha, nkhalamba yaing'ono yovala zakuda, ndi kachipewa kosokedwa timitanda. Anawagwira Bambo manja onse awiri. Mkati munali dziko lina. Munali mitengo ya kanjedza, nkhunda, kamunda ka anyezi, madzi akuyenda m'kangalande. Anatikhazika pamphasa n'kutisambitsa mapazi. Inde, Agnesi, ndi anga omwe. Ndinafuna kuwabisa, koma mmonke amene anagwira beseni sanalole. Nditamuyang'ana ndinadzidzimuka: anali wakuda ngati ine. Bambo anati ndi wochokera ku Abisiniya. Mmonkeyo anayang'ana mphini za pamasaya pangazi, anazikhudza ndi chala chonyowa, kenaka anapinda mkono wa mkanjo wake n'kundionetsa kamtanda kotemedwa pakhungu, apa polumikizira dzanja. Anaseka, inenso ndinaseka. Ndi kucheza kokhako kumene tinacheza, koma ndimamukumbukira kuposa anthu ambiri amene ndinakamba nawo zaka.

Anatilowetsa m'tchalitchi chawo opanda nsapato. Munali kamdima kozizira, fungo la lubani wakalekale litalowerera m'makoma. Kudenga kunkalendewera mazira a nthiwatiwa. Pakhoma panali oyera mtima a maso akuluakulu, oyang'ana munthu mosakalipa. Amonke anaimirira atatsamira ndodo zazitali, akuimba nyimbo yopanda mapeto, liwu limodzi akulikoka ngati ulusi, wina akuwomba tizitsulo tiwiri, nge, nge, nge. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndinaima pamenepo ngati ndagona choimirira, ndipo ndinaona nkhungu ya kwathu ikutsika phiri, ikulowa pakhomo la tchalitchicho.

Potuluka, Bambo anaima pakhomo mwadzidzidzi. M'khoma, cha m'munsi, munali mwala waukulu wosiyana ndi inzake. Omanga akale anautenga kukachisi wina wakugwa n'kuugoneka chammbali. Pamwalapo panali yemwe uja wa mutu wa kabawi, ali chigonere, ndodo yake ili m'manja. Bambo anafunsa mkulu uja. Iye anangokweza mapewa, n'kuusisita mwalawo podutsa ngati mmene umasisitira ng'ombe yokalamba. Bambo anandiuza kuti wati, "Anasema ndi makolo athu. Unali mwala wabwino."

Amonke anatsogola, tinatsala awiri. Bambo anauloza ndi ndodo.

"Suyu mnzako uja. Sugwada?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe maso a anthu, nkhunda zokha.

"Pano ayi, Bambo."

"Chifukwa?"

"Pano eni ake alipo. Atitsegulira okha, atisambitsa ndi mapazi omwe."

"Nanga kuja?"

"Kuja ndinalowa osaodira. Nditaodira, palibe anayankha. Ndiye ndinapepesa n'kutuluka." Mawu anali atayamba kutuluka, sindikanathanso kuwabweza. "Sindinkapemphera, Bambo. Kupemphera ndimapemphera kwa Mulungu. Kuja ndinkangopereka ulemu pamalo a eni. Inunso lero munakana kulowera kuseri. Munavula ndi chipewa chomwe, khomo lili chitsekere."

Ndinadzidzimuka ndi pakamwa panga. Ndinafuna kugwada kupepesa, koma ndinaona kuti kugwada n'kumene kunandibweretsera mavuto, ndiye ndinangoima.

Bambo anakhala pamwala wina, akupuma movutikira. "Kuno kuli anthu amoyo kuseri kwa khomo," anatero. "Kuja eni ake anafa kalekale. Mwala ulibe makutu."

"Kumanda kwathunso anafa, Bambo. Koma sitilowa tikuimba mluzu."

Kenaka anafunsa ndi liwu lija la pasitima, "Milungu ilipo ingati?"

"Mulungu ndi mmodzi yekha."

"Nanga aja a pakhoma, a mitu ya nyama, ndi ayani?"

"Ndi a eni ake, Bambo."

Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa, mpaka ndinawagwira msana. Atapuma anapukuta m'maso nati, "Sindidziwa ngati wandiyankha kapena wandizemba." Tinagona m'chipinda cha alendo, ine osadziwa ngati mlandu wanga wapepuka kapena ndauwonjezera.

M'mawa amonke anatiperekeza mpaka pakhomo, natipatsa timikate todindidwa mitanda. Tinabwerera kumtsinje. Amalinyero anali akumasula thanga, ine ndikukweza katundu, pamene Bambo anandiitana. Anali ataima m'mphepete mwa madzi, pafupi ndi bango, atavala kansalu kawo ka m'khosi ka pa mapemphero, m'manja muli kapu yanga yachitini yomwera tiyi.

"Bwera kuno. Ndinafuna tikachitire m'tchalitchi kudoko, koma chifuwachi sindikuchikhulupirira. Usiku ndaganiza. Mawondo ako sindiwamvetsa, kapena sindidzawamvetsa. Koma sunandinamizepo. Ukufuna kubatizidwa?"

Amalinyero anasiya zingwe. Akazi otunga madzi anaima ndi mitsuko pamutu. Girigisi, amene anali Mkoputi, anavula kachipewa kake n'kudzaima pambali panga. Maso onse anali pa ine, ochuluka ngati a tsiku la mafunso. Ndinamva m'kamwa mukuyamba kuuma. Ndinameza malovu, ndipo ndinayankha mokweza mpaka mbalame zinauluka m'bango: "Ndikufuna!"

"Gwada tsono. Apa ndakuloleza ndine."

Madzi anali ozizira, onunkhira dothi. Anandithira pamutu, ena anandilowa m'khutu. Anati mumtsinje umenewu ndi mmene mwana wina anatoledwa m'kadengu pakati pa bango, munthu amene naye ankadandaula kuti satha kuyankhula. Ananditcha Mose.

Tinasiyana padoko. Iwo anakwera sitima yopita kumpoto, ine yobwerera kuno ndi ansembe atsopano aja, amene ndinkawaphunzitsa kupereka moni m'njira monse. Bambo Chipewa sanabwererenso. Tinamva kuti anafika kwawo, nakhala miyezi yowerengeka.

Ndinakwera mapiri athu chisanu chitayamba, mapesi ali mbwee m'minda. Anthu anali atakolola. Sindinapite ndi kwa mayi komwe, ndinalunjika kumudzi kwa aMarita ndi fumbi la ulendo. AGabiriyele anali pabwalo akuluka dengu. Ndinaima patali n'kuomba m'manja.

Sanadzutse mutu. "Ndani?"

"Ndine Mose."

Analukabe mzere wonse mpaka kumapeto, ine ndili chiimire. Kuseri kwa nkhokwe ndinamva munthu akuseka motseka pakamwa, ndipo kuseka kumeneko ndinkakudziwa.

"Wachedwa, Mose," anatero aGabiriyele. "Chimanga takolola popanda iwe. Wa ku Mayani uja anabwera kawiri, mwanayu anamuthira madzi otsukira mbale. Lowa. Nkhokwe iyo ikufuna denga."

Ndinaifolera tsiku lomwelo, ana inu, ndisanamwe ndi madzi omwe.